Kusintha lamba wa timing ndi pampu ya madzi pa Eunos Roadster: yankho kwa bambo a ku Chilenje

Bambo ena okhala ku Chilenje mu Lusaka andilembera imelo yokhudza galimoto yawo, Eunos Roadster ya 1991, yomwe anaigula kwa munthu amene anailowetsa m'dziko muno la Zambia kudzera pa Nakonde zaka zapitazo. Akuti mita ikuonetsa makilomita 118,000, palibe pepala lililonse losonyeza kuti lamba wa timing, amene amayendetsa mavavu a injini mogwirizana ndi mapisitoni, anasinthidwapo, ndipo m'mawa uliwonse amapeza timadontho ta madzi obiriwira pansi, chakutsogolo kwa injini. Mnzawo wina wawaopseza kuti lambayo akangoduka ndiye kuti injini yonse yatha. Akufunsa ngati munthu amene amadzisinthira yekha oyilo, mapulagi ndi mabuleki angathe kugwira ntchito imeneyi pakhomo, komanso ngati n'kofunika kusinthira limodzi pampu ya madzi.

Bambo, ntchitoyi mungaithe, ndipo pampuyo muisinthe ndithu. Ndiyambe ndi zimene mnzanu wakuuzani. Iye sananame kwenikweni, pakuti pa magalimoto ena, monga Porsche 944, lamba akaduka mapisitoni amagunda mavavu amene atsala otsegula n'kuwapinda, ndipo zikatero mutu wa injini uyenera kuchotsedwa. Injini yanu siili choncho. Eunos Roadster ndi dzina limene kampani ya Mazda inkagulitsira galimotoyi ku Japan kuyambira mu 1989, pamene m'mayiko ena inkadziwika kuti MX-5 kapena Miata, ndipo injini zake zonse ziwiri za m'badwo woyamba, ya 1.6 yotchedwa B6 ndi ya 1.8 yotchedwa BP imene inabwera mu 1993, zinapangidwa moti pisitoni ndi vavu sizikumana ngakhale lamba ataduka galimoto ikuthamanga. Injini imangozima, inu n'kuima m'mbali mwa msewu kudikira wokukokani. Izi zikutanthauzanso kuti mukaphonya dzino limodzi poika lamba watsopano, galimoto idzangokhala yopanda mphamvu kapena idzanjenjemera, ndipo mudzamasula n'kukonza popanda kuwononga kanthu. N'chifukwa chake ndimaona kuti imeneyi ndi injini yabwino kuphunzirirapo ntchito ya lamba.

Lambayo amayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000 alionse, choncho wanu wapitirira kale, pokhapokha mutapeza sitika ya ku Japan yomatidwa pa chivundikiro cha lamba yosonyeza kuti anamusintha. Ngakhale sitikayo italipo, yang'anani chaka chake, chifukwa labala amakalamba ndi zaka ngakhale galimoto itangokhala m'garaja.

Chimene ndikufuna kuti muchiope ndi bawuti yaikulu ya sipanala ya nambala 21 imene ili kutsogolo kwa crankshaft, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazungulitsa, chifukwa pamenepo ndi pamene injini zambiri za mtundu umenewu zawonongekera. Magalimoto oyambirira, kuchokera mu 1989 mpaka chapakati pa 1991, ali ndi crankshaft ya nsonga yaifupi. Giya ya m'munsi imene imayendetsa lamba imakhala pa nsonga imeneyi, ndipo pakati pa ziwirizi pali kachitsulo kakang'ono kotchedwa kiyi, kolowa m'kampata kosemedwa pa crankshaft. Kiyiyo ntchito yake ndi kungoimika giya pamalo oyenera, koma chimene chimaigwira kuti isasunthe ndi kulimba kwa bawuti ija. Bawuti ikamangidwa mosakwanira, kapena kiyi akaikidwa mozondoka, giya imayamba kugwedera pang'onopang'ono, kiyi n'kumadya m'mbali mwa kampata kake mpaka kampatako kakule. Mwini galimoto amangodabwa kuti mphamvu ikuchepa, makamaka ponyamuka, ndipo akayang'ana pulley ya kutsogolo, imene imayendetsa malamba akunja, injini ikulira amaiona ikuyenda mopendama. Pofika pamenepo crankshaft yadyeka, ndipo kuikonza bwino kumafuna kutsitsa injini.

Yanu ndi ya 1991, chaka chimene Mazda anasintha n'kuyamba kuika nsonga yaitali, kotero musadalire chaka cholembedwa pa buku la galimoto. Tengani tochi, muunike pulley ya crankshaft, muwerenge mipata yobooledwa pankhope pake. Ikakhala 4, nsonga yanu ndi yaifupi, ndipo ikakhala 8 ndi yaitali. Pa nsonga yaifupi lamba amatuluka mukangomasula timabawuti 4 tating'ono togwira pulley, popanda kukhudza bawuti yaikulu, ndipo langizo langa ndi lakuti ngati silo ya oyilo ya kuseri kwa giya, kalabala kotsekera oyilo kuti asadonthe, ndi youma ndipo pulley imayenda mowongoka, bawutiyo muisiye mmene ilili. Ena amati popeza mwafika kale pamenepo ndi bwino kusintha silo, koma ine sindigwirizana nawo pa injini imeneyi, chifukwa silo yosadontha ingadikire pamene nsonga yodyeka sibwerera. Ngati silo ikudontha, kapena nsonga ndi yaitali moti bawuti iyenera kutuluka ndithu, gulani kiyi watsopano ndi bawuti yatsopano, tsukani mazinga kuti pasakhale oyilo, pakani Loctite ya buluu, guluu woletsa bawuti kumasuka, ndipo mumange ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira m'ma Nm: ma Nm 108 mpaka 118 pa nsonga yaifupi, ma Nm 157 mpaka 167 pa yaitali. Mbali yosendedwa ya kiyi imayang'ana pansi ku crankshaft ndipo imalowa cham'kati. Ngati mulibe torque wrench bwerekani, musayerekeze kumanga ndi chipaipi pongodalira mmene dzanja likumvera, ndipo musalole aliyense kumanga bawutiyo ndi mfuti ya mpweya. Kuti crankshaft isazungulire, ikani giya ya nambala 5, kokani handibuleki, ndipo wina aponde mabuleki mwamphamvu.

Tsopano za pampu. Pa injini iyi pampu ya madzi siyendetsedwa ndi lamba wa timing, imayendetsedwa ndi lamba wa kunja amene amayendetsanso alternator, ndipo ena akamva zimenezi amaganiza kuti ntchito ziwirizi n'zosiyana. Koma thupi la pampuyo lili kuseri kwa lamba wa timing, ndipo tensioner ndi idler, timawilo tiwiri timene lambayo amatsamira, tinamangiriridwa pa pampu pomwepo. Palibe njira yoichotsera lamba ali m'malo mwake. Mukasintha lamba yekha lero, pampu n'kuyamba kutaya madzi miyezi ingapo ikubwerayi, mudzabwereza ntchito yonse kuyambira pachiyambi. Timadontho timene mukupeza m'mawa tingakhale tikuchokera pa kabowo ka pansi pa pampu, kamene kamatulutsa madzi silo yake ikatopa, ndipo madziwo akamanyowetsa lamba amafupikitsa moyo wake. Musanatsimikize, yang'ananinso timapaipi ta labala tozungulira thermostat, chifukwa nato timadontha pamalo omwewo.

Gulani zonse musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, chifukwa galimoto iyi si yofala kuno ku Lusaka ndipo mungayende mashopu a zipangizo a mu Freedom Way ndi Cha Cha Cha Road tsiku lonse osapeza zonse. Zina mungafunike kuitanitsa ku South Africa kapena ku Japan. Pogula perekani nambala ya chassis, imene pa 1.6 imayamba ndi NA6CE ndipo pa 1.8 imayamba ndi NA8C, chifukwa pampu za injini ziwirizi si zofanana ndendende. Mufunika lamba wa kampani yodziwika monga Gates kapena Mitsuboshi, tensioner ndi kasipuling'i kake, idler, pampu ndi magasiketi ake, kalabala kozungulira kolowa pa paipi yachitsulo ya m'mbali mwa pampu, gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini, malamba akunja, thermostat ndi coolant, mankhwala osakaniza ndi madzi a mu rediyeta. Lamba wopanda dzina, kapena wokhala m'bokosi limene zilembo zake zikuoneka zokopera, mumusiye ngakhale atatsika mtengo motani.

Kumasula kulibe zovuta zambiri. Dikirani injini izizire, chotsani waya wa batire, limene pa galimoto iyi lili kumbuyo m'buti, tsitsani madzi, ndipo muchotse paipi ya mpweya yodutsa kutsogolo kwa injini ndi paipi ya pamwamba ya rediyeta. Ine ndimakonda kuchotseratu rediyeta ndi mafani ake, chifukwa malo amakula ndipo sipanala ikaterereka siiboola. Tsitsaninso chitsulo cha sway bar pomasula mabawuti ochigwira kuti soketi ifike pa crankshaft. Mabawuti 3 a pulley ya pampu muwafewetse lamba wa alternator akadali wolimba, apo ayi pulley idzangozungulira m'manja mwanu. Kenako chotsani mapulagi kuti injini izizungulira mosavuta, chivundikiro cha pamwamba, ndi zivundikiro zitatu zapulasitiki za lamba. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse, ndipo mabawuti a chigawo chilichonse muziwaika m'kathumba kakekake.

Musanachotse lamba wakale, zungulitsani crankshaft molowera kumene mivi ya wotchi imalowera mpaka kachizindikiro ka pa giya ya m'munsi kayang'anizane ndi chizindikiro cha pa injini pamwamba pake. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa magiya awiri a camshaft, zitsulo zotsegula mavavu, ndi ofanana ndipo iliyonse ili ndi zilembo E ndi I. Mutaima kutsogolo kwa galimoto, giya ya kumanzere ndi ya mavavu olowetsa mpweya: chilembo chake I chiyang'ane kumwamba, ndipo E wake alunjike pa E wa pa chitsulo cha kuseri. Giya ya kumanja ndi ya mavavu otulutsa utsi: E akhale pamwamba, ndipo I alunjike pa I wa pa chitsulo chomwecho. Pakati pa zizindikiro ziwiri za pamwambazo payenera kukhala mano 19 a lamba. Ndi bwinonso kudontheza penti pa lamba wakale ndi pa magiya onse atatu, kenako n'kusamutsira madonthowo pa lamba watsopano powerenga mano, chifukwa njira imeneyi imakupatsani umboni wachiwiri pambali pa zilembo. Lamba akachoka, ma camshaft amafuna kudumpha chifukwa cha masipuling'i a mavavu, choncho agwireni ndi masipanala awiri pamalo a ngodya amene ali pa camshaft iliyonse, n'kumangirira masipanalawo pamodzi.

Pampu imagwidwa ndi mabawuti 4, ndipo palinso ena awiri a paipi ya m'mbali. Mukaichotsa madzi otsala m'kati adzakhuthuka, kotero phimbani giya ya m'munsi ndi nsalu. Nthawi yanu yambiri ithere pa kupala gasiketi yakale pankhope ya injini mpaka chitsulo chiyere ndi kusalala, pakuti kachidutswa kamodzi kotsalira n'kokwanira kubwezeretsa kudontha kumene mukufuna kuthetsa. Musaunjike silikoni, chifukwa wotsala amathothokera m'kati n'kukatseka timipata ta rediyeta. Mabawuti a pampu amamangidwa ma Nm 19 mpaka 25 okha. Kalabala kozungulira kaja mukanyowetse ndi coolant musanalowetse paipi, musakapake oyilo.

Poika lamba watsopano, kankhirani tensioner kunja n'kuimanga pang'ono kuti isakuvutitseni, kenako yambirani pa giya ya m'munsi, mukwere mbali ya kumanja kudzera pa idler, mufike pa giya ya utsi, kenako pa giya inayo, n'kumalizira pa tensioner. Mbali ya kumanjayo ikhale yokoka, kulendewera konse kutsalire ku tensioner. Masulani bawuti ya tensioner kuti kasipuling'i kakoke lamba kokha, musawonjezere mphamvu ndi chitsulo, popeza lamba wokokedwa mopitirira amalira ngati mluzu ndipo amatha mabering'i msanga. Zungulitsani crankshaft kamodzi ndi magawo 5 mwa 6 a ulendo wachiwiri, mpaka kachizindikiro ka pa giya kafike pa chizindikiro china chimene chili chakumanzere kwa choyamba chija, ndipo pamenepo mumange tensioner ma Nm 37 mpaka 52. Pitirizani kuzungulitsa mpaka zizindikiro zonse zibwerere pamalo oyamba, muonenso E, I ndi mano 19 aja. Mukakanikiza lamba pakati pa magiya awiri a pamwamba ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 10, atsike mamilimita 9 mpaka 11.5. Chilichonse chikasemphana, chotsani lamba muyambirenso, chifukwa pa nthawi imeneyi kubwereza n'kwa mphindi zochepa chabe.

Pobwezera chivundikiro cha pamwamba, ikani kasilikoni pang'ono m'makona momwe gasiketi imakwera pa ma camshaft, ndipo mabawuti ake musawapitirize ma Nm 9, chifukwa ndi aang'ono ndipo amaduka msanga.

Madzi othira mu injini musawatenge mopepuka. Lusaka inamangidwa pamwamba pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'zitsime zathu zambiri amasiya zoyera m'ketulo, zomwenso angasiye mu rediyeta ndi pa silo ya pampu yanu yatsopano. Sakanizani coolant ndi madzi oyeretsedwa otchedwa distilled water amene amagulitsidwa kuti ndi othira mu batire, osati asidi, theka ndi theka, ndipo injini yonse imalowa malita pafupifupi 6. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno madzi osatsekeredwa amawira pa madigiri pafupifupi 96, choncho chitsekero cha rediyeta chotopa chingakuwiritsireni injini muli pa mzere wa magalimoto mu Great East Road m'kutentha kwa mwezi wa October. Gulani chatsopano. Yang'ananinso pulasitiki ya pamwamba pa rediyeta: ikasintha mtundu kuchoka pa wakuda n'kukhala yofiirira, yauma ndipo ingang'ambike tsiku lililonse.

Pothira madzi, kwezani kutsogolo kwa galimoto pang'ono, lizani injini chitsekero chili chotsegula, ndipo muziwonjezera madzi pamene thovu la mpweya likutuluka mpaka thermostat itatseguka ndi fani italira. Ikazizira onjezeraninso, ndipo m'masiku oyamba muziona mlingo wa madzi m'mawa uliwonse. Mukayenda makilomita angapo, imani, tsegulani boneti injini ikulira, ndipo muyang'ane pulley ya crankshaft muli chambali. Mukaona ikupendama ngakhale pang'ono, zimitsani injini pomwepo, ndipo musaiyendetsenso mpaka mutamasula bawuti ija n'kuona kiyi ndi kampata kake.