Gogodela ya agogo anga ndi funso la mwana wa Fomu 3

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa mbiri yakale pasekondale ina yoyendera. Mwana wa Fomu 3 anawafunsa m'kalasi kuti, "Ngati azungu ankapambana nkhondo kulikonse chifukwa cha mfuti, ndiye kuti ife tinali zitsiru?" Mayiwo anasowa chonena, ndipo akufunsa kuti mwanayo amuyankhe bwanji.

Aphunzitsi, kalata yanu ndaiwerenga kanayi. Ndinayamba kuyankha usiku womwewo koma ndinalekeza panjira, chifukwa funso la mwanayu lakanda pachilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola kalekale. Mundilole ndiyambire kutali.

Agogo anga aamuna, obereka mayi anga, anali ndi mfuti ya gogodela. Inkakhala kuseri kwa chitseko itakulungidwa m'chikopa cha mbuzi, ndipo mwana aliyense pamudzi ankadziwa kuti kuikhudza n'kudziputira mkwapulo. Ntchito yake inali nguluwe ndi anyani amene ankatha chimanga kumunda wa kuphiri. Ine ndiye ndinali mdzukulu wonyamula kathumba ka wonga, choncho ndinaona ndi maso anga mmene mfuti imeneyi amaidyetsera. Amathira wonga kukamwa kwake, kuikapo kansanza, kutsindira ndi kandodo kachitsulo, kenako chipolopolo, kansanza kena, n'kutsindiranso. Ukawomba kamodzi utsi umakukuta moti sudziwa ngati walasa kapena waphonya, ndipo pamene ukuthiranso wonga, nguluwe ija yawoloka kale mtsinje.

Tsiku lina mu February, mvumbi utagwa masiku atatu, tinakabisala kumunda chakumadzulo. Nguluwe zinabwera zinayi. Agogo analoza bwinobwino n'kukoka. Inangoti kha! basi. Wonga unali utanyowa. Sanadandaule, anangoiika pansi n'kutola nthungo imene sankaisiya akamapita kumunda. Sitinaphe kanthu usiku umenewo. Pobwerera ndinawafunsa chifukwa chake amadzilemetsa ndi zida ziwiri. Anati, "Iyi imagwira ntchito ikafuna yokha. Iyi imagwira ndikafuna ine."

Patapita zaka, ndili Fomu 2, mphunzitsi wathu wa mbiri anatiuza kuti makolo athu ankathawa liwiro la mtondo wadooka akangomva kulira kwa mfuti, ndipo dziko analisinthanitsa ndi mikanda ndi mchere. Ndinakweza dzanja. Ndinafotokoza za gogodela, za wonga wonyowa, n'kufunsa ngati mfuti za azungu akalewo zinali zosiyana ndi imeneyi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa kalasi ngati alipo wina amene akufuna kuphunzira mbiri kwa mlenje wa nguluwe. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Anandigwaditsa panja padzuwa mpaka belu la nkhomaliro. Mawondo anapola mawa lake. Chimene sichinapole n'chakuti ndinawakhulupirira. Kwa zaka zambiri agogo akayamba nkhani zakale ndinkanyamuka pabwalo, ndikuona ngati ndi zonena za munthu wosapita kusukulu. Anatisiya ndisanawauze kuti pa anthu awiriwa, amene ankadziwa za mfuti anali iwo.

Pajatu mfuti imene msilikali wa ku Ulaya ankanyamula m'zaka za m'ma 1700 inali m'bale wake weniweni wa gogodela. Ya asilikali a ku Britain ankaitcha Brown Bess. Ankaidyetsera kukamwa, ndipo moto wake unkachokera ku kamwala kothetheka kakagunda chitsulo. Msilikali wozolowera ankawomba kawiri kapena katatu pa mphindi imodzi. Kulasa munthu amene waima kugolo ina ya bwalo la mpira iwe uli kugolo inayi, unali mwayi chabe. N'chifukwa chake ankandandalika m'mizere mothithikana n'kuwombera pamodzi, kuti mwa zipolopolo zambirizo zina zipeze munthu. Utsi ukachuluka mawu a mtsogoleri sankamveka, choncho ankamvera ng'oma. Ndipo kunsonga kwa mfuti anamangirirako mpeni wautali kuti ikakana kulira isanduke nthungo. Agogo ankanyamula ziwirizi padera, azunguwo anangozilumikiza.

Komanso mfuti zimenezi sizinali za azungu okha. Ku India, ku Persia ndi ku Turkey ankasula zawo, mizinga yomwe. Kuno ku Africa amalonda ankazigulitsa zambirimbiri, zina zopangidwa ku Birmingham. Ndiye ngati mbali zonse zinali ndi chida chofanana, nkhondo zinkatha bwanji?

Tiyambe ndi pafupi. Mu 1684 Changamire Dombo, mtsogoleri wa Arozvi, anagonjetsa Apwitikizi ku Maungwe. Mu 1693 anasakaza msika wawo waukulu wa Dambarare, chakufupi ndi pamene pali Harare lero, ndipo mu 1695 anawakantha ku Manyika. Otsala anathawira ku Tete ndi ku Sena, ndipo kumtunda kumeneko sanakakhazikikenso ngati eni kwa zaka pafupifupi 200. Atatsekeredwa kumwera anatembenukira kumpoto kwa Zambezi: anatsegula msika ku Zumbo, kenako n'kuyamba kukumba golide m'dziko la Undi. Apa nkhani imeneyi yafika pakhomo pathu penipeni, koma ine kusukulu sindinaimve n'kamodzi komwe.

Ku Mombasa kuli linga lotchedwa Fort Jesus, limene Apwitikizi anayamba kulimanga mu 1593, la makoma ochindikala, mizinga itayang'ana kunyanja. Aluya a ku Oman, amene anali atawalanda kale Muscat mu 1650, analizinga mu March 1696 ndipo sanachoke mpaka December 1698. Miyezi 33. M'katimo njala ndi mliri zinatha anthu, moti panafika nthawi imene otsala kuteteza lingalo anali Aswahili a ku Faza, ogwirizana ndi Apwitikiziwo. Zombo zothandiza zochokera ku Goa zinafika mbendera itasintha kale. Kum'mawa kwenikweni, mtsogoleri wa Chitchaina Zheng Chenggong analanda Adatchi linga lawo la Zeelandia pachilumba cha Taiwan mu 1662, atalizinga miyezi 9. Nayo kampani ya East India ya ku England inaputa mfumu Aurangzeb ya ku India mu 1686. Pofika 1690 nthumwi zake zinakagwada pamaso pa mfumuyo kupempha chikhululukiro, n'kulipira marupi 150,000 kuti aloledwe kuchitanso malonda.

Ndinene mosapsatira, aphunzitsi: wophunzitsa ana kuti kuyambira tsiku limene Vasco da Gama anadutsa m'nyanja zathu mu 1498 azungu ankangopambana, akuwanamiza. Ngakhale zitalembedwa m'buku lovomerezeka, ndi bodza. Ndipo ndi bodza loipa kuposa mabodza ena, chifukwa mwana amalitenga kupita nalo kunyumba n'kukayang'ana agogo ake ndi diso lina. Kwa zaka zoposa 300 mzungu ku Africa anali mlendo wa m'mphepete mwa nyanja ndi m'mbali mwa mitsinje ikuluikulu, wolipira msonkho kwa mafumu, ndipo akalowa kumtunda malungo ankamumaliza.

Koma sindikufunanso kuti mwanayo mumupatse bodza lina lozuna. Mfuti zambiri zimene zinalowa kuno zinagulidwa ndi minyanga ya njovu ndi anthu. Amene ankagwira anthuwo n'kuwamanga magoli anali Aafirika anzawo, ena a iwo mafumu amene timawatamanda m'nyimbo. Ana a Fomu 3 ndi akulu mokwanira kumva zimenezo.

Nanga India inapita bwanji?

Pa 23 June 1757, pamalo otchedwa Plassey ku Bengal, Robert Clive, mtsogoleri wa asilikali a kampani ya East India ija, anali ndi asilikali pafupifupi 3,000. Wolamulira Bengal, Siraj ud-Daulah, anali ndi pafupifupi 50,000, kuphatikizapo owomba mizinga ochokera ku France. Masana kunagwa mvula. Anthu a Clive anafunditsa wonga wawo ndi malona, wa anzawowo unanyowa. Nditawerenga zimenezi koyamba ndinatseka buku n'kukhala kaye chete, chifukwa ndinamvanso kha! uja wa kumunda wa kuphiri.

Komabe si mvula imene inagamula nkhondoyo. Mkulu wa asilikali a Siraj, dzina lake Mir Jafar, anali atapangana kale ndi Clive kuti akamuthandiza adzamuika pampando. Banja la a Jagat Seth, obwereketsa ndalama olemera kwambiri mu Bengal monse, linali m'chiwembu chomwecho. Tsiku la nkhondo gulu lalikulu linangoima n'kumaonerera. Ndipo mwa asilikali 3,000 a Clive aja, oposa 2,000 anali Amwenye olembedwa ntchito. Mu 1765 kampani ija inapatsidwa mphamvu yotolera msonkho ku Bengal, Bihar ndi Orissa. Kuyambira pamenepo msonkho wa mlimi wa ku India ndiwo unkalipira msilikali wa ku India kuti akagonjetse mfumu ina ya ku India. Mu 1770 njala inapha anthu mamiliyoni ku Bengal, msonkho ukutoleredwabe.

Chimene Britain inali nacho choposa anzake chinali ngongole. Mu 1694 anakhazikitsa Bank of England, ndipo ntchito yake yoyamba inali kubwereketsa boma mapaundi 1,200,000 oyendetsera nkhondo yolimbana ndi France. Mfumu ina ikagonja kamodzi, mosungira chuma mwauma, asilikali abalalika kukakolola. Iwo akagonja ankabwereka zina, kumanga zombo zina, n'kubweranso chaka chamawa. Msilikali wolandira malipiro mwezi ndi mwezi amaguba tsiku lililonse mpaka manja ake atazolowera kuthira wonga ngakhale mnzake akugwa pambali pake. Zimenezi zimafuna ndalama yosaduka.

Taonani za Mysore, kumwera kwa India. Hyder Ali ndi mwana wake Tipu Sultan anali ndi maroketi a machubu achitsulo amene azungu analibe. Mu 1780 ku Pollilur anaphwanya gulu la asilikali a Britain n'kugwira mtsogoleri wake, William Baillie. Aingelezi anachita kutengera nzeru ya maroketiwo kwawo, William Congreve n'kupanga ake. Tipu anafa pa 4 May 1799 akuteteza mzinda wake wa Seringapatam, pankhondo yachinayi, ndipo pakati pa omuzinga panali asilikali a mfumu yoyandikana naye ya ku Hyderabad. M'nyumba yake anapezamo chosema chamtengo: nyalugwe wamizeremizere wa kumeneko atagwetsa msilikali wachizungu, ndipo ukapukusa chogwirira chake, munthuyo amabuula, chilombocho chikubangula. Lero chili m'nyumba yosungiramo zakale ya Victoria and Albert ku London. Ndimalakalaka ana athu ataona chithunzi chake, chifukwa munthu amene anauza amisiri kuti aseme chinthu chimenechi sankadziona ngati wotsalira.

Ndiye pali Haiti, imene sindingathe kuidumpha. Mu August 1791 akapolo a m'minda ya nzimbe m'dziko limeneli la kunyanja ya Caribbean, limene Afalansa ankalilamulira n'kumalitcha Saint-Domingue, anaukira. Ambiri anali obadwira ku Africa, ena anali asilikali kwawo ku Kongo asanagwidwe, ndipo m'zaka za m'ma 1780 zombo za Afalansa zinkatengako ena kugombe la Mozambique. Anamenyana ndi France, Spain ndi Britain. Napoleon anatumiza mlamu wake, Charles Leclerc, ndi asilikali masauzande ambiri. Mtsogoleri wa oukirawo, Toussaint Louverture, Afalansa anamugwira mwachinyengo atamuitanira kuzokambirana, ndipo anakafera m'ndende yozizira ya Fort de Joux mu 1803. Koma matenda a chikasu anapha Leclerc ndi unyinji wa asilikali ake, mtsogoleri wina wa oukirawo, Jean-Jacques Dessalines, anamaliza nkhondo ku Vertières pa 18 November 1803, ndipo pa 1 January 1804 Haiti inakhala dziko loima palokha. Chimene France inalephera ndi mfuti inachichita ndi ngongole: mu 1825 inatumiza zombo zankhondo n'kulamula kuti Haiti ilipire mafulanki 150 miliyoni monga chipukutamisozi kwa amene kale anali eni akapolo. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbukira. Anthu anadziwombola ndi magazi awo, kenako n'kuuzidwa kuti adzigulenso ndi ndalama.

Kusiyana kwenikweni kwa zida kunadza mochedwa, m'zaka za m'ma 1800: kwinini wa malungo, sitima zoyendera nthunzi, mfuti zodyetsera kumbuyo, ndi ya chiwaya ya Maxim ya mu 1884. Pamene Harry Johnston ankamenya nkhondo zake kuno m'zaka za m'ma 1890 mpaka kugonjetsa Mlozi ku Karonga mu 1895, zonsezi zinalipo. Ndipo asilikali amene ankawadalira kwambiri anali Asikh ochokera ku India, dziko lija linayamba kupita pa Plassey.

Tsono mwanayo mumuuze kuti ayi, ndipo mumuthokoze pamaso pa anzake chifukwa chofunsa. Mulembe pabolodi zaka zinayi, 1693, 1698, 1757 ndi 1804, mugawe kalasi m'magulu anayi, gulu lililonse lifufuze amene anapambana, amene analipira asilikali, ndi amene anapereka anzake. Ngati m'midzi yozungulira sukulu yanu muli gogo amene anagwirapo gogodela, mukamupemphe adzafotokozere ana mmene ankaidyetsera, ndipo mumukhazike pampando wanu wa kutsogolo.