Za chilombo chanu cha HP 90 chija, achimwene

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mukuti munapanga chilombo chanuchanu pa masewera a B/X (Dungeons & Dragons yakale ya patebulo, ya mabuku a Basic ndi Expert), munachipatsa HP 90 (HP ndi mapointi a moyo, akatha chafa) ndi kuluma katatu pa round imodzi ya nkhondo, anyamata anu anayi a level 2 analimbana nacho ola lathunthu, awiri anafa, otsalawo anayamba kutokosa mafoni. Ndiye mukufunsa kuti manambala oyenera ndi ati.

Manambala ndikupatsani, ndi osavuta. M'mabuku a 1981 aja, la Basic la Tom Moldvay ndi la Expert la David Cook, mphamvu ya chilombo imayezedwa ndi HD, chiwerengero cha madayisi amene mumaponya kuti mupeze HP yake, ndipo HD iliyonse ndi dayisi ya mbali 8, kutanthauza pafupifupi HP 4 kapena 5. Ogre ali ndi HD 4+1, ndiye HP yake imazungulira pa 19. Troll ali ndi 6+3, pafupifupi HP 30. Chinjoka chofiira, chimene aliyense amachiopa, chili ndi HD 10, HP pafupifupi 45. Mwaona? Ana a level 2 munawatumizira zinjoka ziwiri m'chikopa chimodzi. AC, nambala yosonyeza kuvuta kwa kuchilasa (ikatsika, kumavuta kwambiri), nayo musavutike nayo: 9 ndi munthu wosavala chodzitetezera, 7 ndi wovala chikopa, 5 ndi wa malaya a unyolo, 3 ndi wa chitsulo thupi lonse. Dzifunseni kuti khungu la chilombo chanu likufanana ndi chiti mwa zimenezi, basi. Ngati mumagwiritsa Basic Fantasy ya Chris Gonnerman, imene PDF yake ndi yaulere, kumbukirani kuti kumeneko AC imakwera m'malo motsika, wosavala kanthu amayambira pa 11.

Ine sindiyambanso pa pepala loyera. Ndimatsegula buku, ndimasankha chilombo cha msinkhu umene ndikufuna, ndimabwereka manambala ake, kenako nthawi yanga yonse imathera pa zina: chimafuna chiyani, chimachita chiyani chimene chinzake sichichita, ndipo anthu angadziwe bwanji kuti chili pafupi. Apa ndi pamene chanu chinaperewera. Chinali choluma basi, ndipo chinthu choluma basi osewera alibe chochita nacho koma kuponya dayisi mpaka wina agwe.

Taganizani za rust monster. Gary Gygax anachitenga pa tizidole ta pulasitiki totchipa, momwenso munachokera zilombo zina ziwiri, owlbear ndi bulette. Chilombo chimenechi sichichotsa HP ngakhale imodzi. Chikakhudza chitsulo, chitsulocho chimachita dzimbiri n'kuyoyoka. Koma taonani msilikali wovala chitsulo chimene anachigula ndi golide wa maulendo atatu akabisala kumbuyo kwa wamatsenga wa HP 3! Mantha amenewo sanachokere pa nambala.

Ndikuuzeni za changa. Timasewera Loweruka masana pakhonde ku Area 25, anthu asanu, seti ya madayisi ndi imodzi timapatsirana, zilombo ndi zitsekero za mabotolo. Ndinkafuna chinthu cha kwathu, ndiye ndinatenga ndondocha. Manambala ndinabwereka kwa zombie: AC 8, HD 2, kumenya 1d8 (dayisi imodzi ya mbali 8). Zina zonse ndinasintha. Zombie ali ndi morale 12, nambala ya kulimba mtima, sathawa zivute zitani. Yanga ndinaipatsa 5, ikangoona muuni imathawa, imamenya pokhapokha yapanikizidwa pakona. Imayenda mwakachetechete, ndiye imadzidzimutsa anthu pa 1 mpaka 3 pa dayisi ya mbali 6, pomwe zilombo zambiri ndi 1 mpaka 2. Wansembe sangaithamangitse ndi chizindikiro chake chifukwa si wakufa weniweni. Monga timamvera m'nkhani za kumudzi, abale ake anakwirira thunthu la nthochi m'malo mwa iye. Ndipo ndinawonjezera changachanga: ukaitchula dzina lake lenileni imaima, imagwetsa chimene yanyamula.

Osewera atafika m'mudzi wa m'nkhaniyo sindinawaonetse kanthu. Ndinangowauza kuti nkhokwe zikutsika pomwe palibe akutapamo, ndipo munda wa wamalonda wina ukumapezeka wopalira m'mawa uliwonse koma waganyu sanaonekeko. Mchemwali wina amene amasewera ngati wakuba anapempha ufa, anauwaza kuzungulira nkhokwe, n'kubisala. Pakati pa usiku panabwera kanthu kowonda, kosenza dengu, mapazi ake akusiya zidindo mu ufamo. Msilikali wathu anali atagwira kale dayisi kuti aponye mkondo. Mchemwaliyo anamugwira dzanja, dzanja lenileni patebulo pomwepo, n'kunena kuti iye akutulutsa mkute wa nsima. Ndinaponya madayisi awiri a reaction, oonera mmene chilombo chilandirire anthu, panagwa 10. Kanthu kaja kanalandira nsimayo, kanatsegula pakamwa kuti kayankhule, ndipo m'kamwamo munalibe lilime. Pakhonde panangoti zii. Loweruka zitatu zotsatira anazithera kufufuza mayina a anthu amene anaikidwa m'manda a m'mudzimo chaka chimenecho.

Mwini wa ndondochazo ndinamupanga dala kukhala munthu wachuma, wolemekezeka, wa ngolo zambiri. Sindinafune gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Tonse timamva m'nkhani za pa wailesi za agogo akumenyedwa ngakhale kuphedwa powanamizira ufiti, ndipo sindifuna kuti patebulo panga anthu azisangalala ndi kugenda nkhalamba, ngakhale ya m'mutu chabe.

Madayisi awiri amenewa, a reaction ndi a morale, anthu ambiri obwera kuchokera ku D&D yatsopano amawadumpha, pomwe ndiwo mtima wa masewera akalewa. Pa reaction, 2 ndi kuukira nthawi yomweyo, 12 ndi ubwenzi, ndipo 6 mpaka 8, amene amagwa kawirikawiri, ndi chilombo chimene sichinaganize chochita. Pamenepo mpamene osewera amayankhula, kunyengerera, kunama, kupereka mbuzi. Morale mumaponya wina woyamba wa gulu la zilombo akafa, ndiponso theka likagwa. Mukaposa nambala yake, zimathawa kapena kugonja. Chilombo chanu chikanakhala ndi morale 8, nkhondo ya ola ija ikanatha pa mphindi khumi, ndipo chikanathawa ndi bala, osewera n'kumadziwa kuti chidakali kwinakwake. Ubwino wake simufunikanso madayisi odula, a Ludo omwewa akwanira.

Musaiwale kuti mu B/X kupha sikulipira kwenikweni. Chilombo cha HD 2 chimapereka XP 20 (mapointi okwezera level), chikakhala ndi mphamvu yapadera imodzi 25, pomwe khobidi lililonse la golide lotuluka nalo m'phanga ndi XP imodzi. Ndiye chilombo ndi chopinga pa njira ya chuma. Siyani mpata woti achizembe, achipusitse, kapena achigonetse ndi nyama yothira mankhwala.

Za kupha osewera: m'masewera akale imfa ndi yololedwa, sindikuletsani. Koma akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo patebulo ine ndimachita zosiyana ndi mwambiwo, chilombo choopsa chiziimba ng'oma chisanafike. Ndinaphunzira ndi Napolo. Ulendo woyamba ndinamulemba ngati chinjoka cha HD 12, anangotulukira m'phiri n'kumaliza gulu lonse, ndipo anthu anapita kwawo okwiya, ndi chifukwa chomveka. Nditamulembanso ndinachotsa HD ndi AC zonse, chifukwa Napolo sumulasa ndi mkondo. Tsiku loyamba phiri limalira pansi. Lachiwiri madzi a mumtsinje amasanduka matope mvula isanagwe kumunsi, mbuzi zimakana kulowa m'khola. Lachitatu amadutsa, ndipo aliyense ali m'chigwa amaponya save, dayisi yodzipulumutsira, akalephera wapita. Masewera ake amakhala okopa mfumu kuti isamutse anthu, ndi kusankha chimene unyamule. Koma uyu musanamubweretse funsani anzanu kaye. Ku Phalombe anthu akukumbukabe za 1991, ndipo namondwe Freddy wa 2023 anatenga abale a anthu amene timakhala nawo muno mu Lilongwe. Wina akati ayi, musiyeni Napolo m'phiri mwake.

Zilombo za kudambwe zokha ndiye sindizikhudza n'komwe. Ndikudziwa kuti Kasiyamaliro kapena Chadzunda amaoneka okoma kuwaika m'phanga, koma Gule Wamkulu ndi mwambo wamoyo wa anthu, ndipo muno pakati pa Achewa simudziwa kuti mwa anzanu asanuwo ndani analowa. Kuwapatsa HP kuti aphedwe n'kulandidwa golide ndi chipongwe. Zotengera zilipo zambiri zopanda mlandu. Linthumbu lokha ndi chilombo chathunthu: lupanga silithandiza, wovala chitsulo ayenera kuvula pakati pa nkhondo, ndipo aliyense wokulira kumudzi adziwa yekha kuti mankhwala ake ndi phulusa lamoto. Chiswe chodya mipini ya mikondo, mapu ndi buku la wamatsenga ndi rust monster wathuwathu.

Chanu chija musachitaye. Chitsitseni pa HD 5, kuluma kuwiri kuchotseni kutsale kumodzi kwa 2d6 (madayisi awiri a mbali 6), morale 8. Kenako lembani mizere itatu pansi pake: chimene chikusowa m'mudzi chifukwa cha icho, fungo kapena phokoso limene limatsogola, ndi chinthu chimodzi chimene chimachiopa chomwe mlimi wamba angakhale nacho m'nyumba. Mukalemba ponyani muno tione, ndipo mutiuzenso kuti awiri anafa aja anagwera pati, chifukwa zida zawo zikadali m'phangamo ndipo anzawo adzafuna kukazitenga.