Makapisozi a tiyi wobiriwira ndi makoswe a asayansi

Imelo yanu, mayi, ndaiwerenga katatu. Mwati adokotala akupezani ndi kolesterolo wochuluka n'kukulemberani mapiritsi a statin, koma inu mwawerenga kuti ma polyphenol a m'zomera amachepetsa mafuta m'thupi la nyama, ndiye mukufuna kusiya mapiritsiwo mugule makapisozi a tiyi wobiriwira. Mwandiponda pachilonda, chifukwa ine ndinazichitapo zimenezi.

Mapiritsi anga ndinawaponya m'dilowa. Botolo la makapisozi linali lokongola, tsamba lobiriwira pachikuto, pansi pake atalemba kuti "zachilengedwe". Ndinkameza awiri m'mawa uliwonse, n'kumadziona wochenjera kuposa adokotala. Akazi anga ankangondiyang'ana osanena kanthu. Patatha miyezi inayi ndinakayezetsanso magazi. Adokotala anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso pepala. LDL, kolesterolo amene amaunjikana m'mitsempha uja, anali atakwera. Anandifunsa ngati ndikumwa mankhwala. Ndinayamba kusilira nsapato zanga.

Chowawa n'chakuti zomwe ndinawerengazo sizinali zabodza. Khambi mumamva mu tiyi wothithikana kapena m'khungu la mphesa lija, ndiwo ma polyphenolwo. M'matumbo, kolesterolo sangalowe m'magazi asanasakanikirane ndi ndulu. Ma polyphenol a mu tiyi otchedwa ma catechin, makamaka wotchedwa EGCG, amasokoneza kusakanikiranako, amafooketsanso lipase wochokera ku kapamba amene amagaya mafuta. Choncho khoswe wodyetsedwa zimenezi amataya mafuta ambiri m'zitosi zake, ndipo pa kafukufuku wambiri chiwindi chake sichinona kwambiri.

Koma khoswe ndi khoswe basi. Alibe n'komwe thumba la ndulu. Iye ndi mbewa amanyamula kolesterolo wawo wambiri mu HDL, mtundu umene amautcha wabwino uja, pomwe ife timanyamula wambiri mu LDL, ndipo alibe puloteni ya CETP, yosamutsa kolesterolo kuchoka mu HDL, imene ife tili nayo. Nyama zimasiyana kwambiri pa nkhaniyi: wasayansi Nikolai Anichkov mu 1913 ku St Petersburg anadyetsa akalulu kolesterolo, mitsempha yawo n'kuwonongeka, koma makoswe pa chakudya chotere salowa m'mavuto msanga.

Nanga muyezo wake! Mu 2006 gulu la wasayansi David Sinclair ku yunivesite ya Harvard linaonetsa kuti mbewa zodya zonona zikapatsidwa resveratrol, polyphenol wa m'mphesa, zimakhala ndi chiwindi chabwinoko komanso moyo wautaliko. Nyuzi zinasangalala, okonda vinyo anaomba m'manja. Mbewazo zinkalandira pafupifupi mamiligalamu 22 pa kilogalamu iliyonse ya thupi tsiku lililonse. Kuti munthu apeze wochuluka chotero mu vinyo, ndiye kuti azimwa matambula mazanamazana patsiku. Ogulitsa makapisozi mbali imeneyi saitchula, ndipo ine ndinasiya kuwakomera mtima. Kumeneko n'kuba ndithu, kubera munthu wodwala amene ali ndi mantha.

Mawu akuti "zachilengedwe" ndiye amandikwiyitsa kwambiri. Oweta nkhuku amadziwa kuti chakudya chokhala ndi tannin wambiri chimapinimbiritsa anapiye, chifukwa tannin amamanga mapuloteni n'kulepheretsa thupi kuwagaya. Tanninyo ndi polyphenol. Amatchinganso ayironi kulowa m'magazi. Ndipo mu 2018 bungwe la EFSA, loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, linachenjeza kuti EGCG wa m'makapisozi akafika mamiligalamu 800 patsiku, magazi amayamba kuonetsa kuti chiwindi chikuvutika. Chiwindi chomwecho mukufuna kuchithandizacho.

Ndiye muchite chiyani?

Mapiritsi musasiye. Kolesterolo wambiri thupi limapanga lokha, makamaka m'chiwindi, ndipo statin amakagwira kumeneko. Tiyi imwani wa m'kapu, patali ndi nthawi ya chakudya ngati muli ndi vuto la kuchepa magazi. Zipatso ndi masamba idyani. Ngati mapiritsiwo akukupweteketsani minofu, pitani mukawauze adokotala, akhoza kukuchepetserani kapena kukusinthirani mtundu. Makapisozi ngati mwagula kale, tengani botololo mukawaonetse. Langa lija likadali m'dilowa momwe munali mapiritsi muja, akazi anga anakana kulitaya.