Tom Shevlin wa ku Yale, anapita ali ndi zaka 32 zokha

Achimwene ena anditumizira imelo kufunsa kuti Tom Shevlin anali ndani, ankasewera mpira wanji, nanga chinamupha nchani ali mnyamata chonchija. Zikomo achimwene pofunsa.

Choyamba musasokoneze, si mpira wamiyendo uwu, ndi uja wa ku America wonyamula m'manja, anthu kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Shevlin anabadwa mu 1883 ku Muskegon, Michigan, bambo ake anali mpondamatiki wa bizinesi ya matabwa ku Minneapolis. Ku yunivesite ya Yale ankasewera kumapeto kwa mzere, malo omwe amati end, ndipo anasankhidwa katatu mu timu ya All-America, ya akatswiri osankhidwa m'mayunivesite a dziko lonse, 1902, 1904 ndi 1905. Mu 1905 ndiye anali kaputeni, Yale osaluza gemu olo imodzi. Nthawi imeneyo mpirawu unali woopsa zedi, anyamata ankafa nawo, mpaka pulezidenti Theodore Roosevelt anaitanitsa akuluakulu a Yale, Harvard ndi Princeton ku White House kuti akambirane.

Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi ukochi wake. Atamaliza sukulu anabwerera ku matabwa, ndalama zinalipo, sanali kochi wamkulu wa Yale ayi, koma timu ikangoyamba kuvuta amamuitana, iye nkusiya bizinesi kubwera. Mu 1910 anabwera ndi kaseweredwe komwe anakatenga kwa Henry Williams, kochi wa Minnesota, kotchedwa Minnesota shift, osewera amaima kaye pena kenako mwadzidzidzi onse nkudumphira malo ena mpira usanaponyedwe, timu inayo ikamati izindikire mbali yomwe aukire, anzawo adutsa kale. Timu yomwe anthu anali ataitaya inachinya Princeton 5-3 nkulepherana ndi Harvard 0-0.

Mu 1915 anamuitananso, anagonjetsa Princeton 13-7 ngakhale Harvard inawakwapula 41-0. Apa mpomwe anatenga chimfine akuphunzitsa anyamata panja kukuzizira, chinakula nkusanduka chibayo, ndipo kumbukirani achimwene kuti penisilini kunalibe nthawi imeneyo, chibayo chimagwetsa ngakhale chimunthu champhamvu ngati iyeyu. Anamwalira pa 29 December 1915 ku Minneapolis, zimandipweteka ndithu ndikaganiza kuti panangodutsa mwezi ndi masiku kuchokera pa gemu ya Harvard ija. Mu 1954 anamulowetsa mu College Football Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a mpirawu a m'mayunivesite, komanso ku Bend, Oregon, komwe kampani yawo inkacheka matabwa, kuli paki yotchedwa Shevlin Park.