Tifunseni: Kusaka thandizo la malo osungira agalu ndi amphaka

Funso: Akonzi, ndangoyamba kumene ntchito yosaka ndalama pamalo ena osungira agalu ndi amphaka osowa mwini muno mu Lilongwe. Ndikalowa mu ofesi ya munthu, yankho limakhala lakuti, "Anthu akugona ndi njala, inu mukupemphetsera agalu?" Ndiziwayankha chiyani? (Mtsikana wa ku Area 25)

Yankho: Achemwali, funso limenelo lili ndi mutu, musakwiye nalo. Koma musayambe ndi chithunzi cha kagalu konyentchera. Yambani ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa galu. Mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti ndi zachiwewe, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangooneka, palibenso mankhwala. Koma agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufala. Choncho ndalama mukupemphayo ikuteteza mwana wa ku Mtandire kapena Kauma amene amadutsana ndi agalu m'mawa uliwonse popita kusukulu.

Chachiwiri, mawu akuti "tithandizeni ndi kangachepe" asiyeni. Khalani pansi ndi dokotala wa ziweto muwerengere mtengo wobayira galu mmodzi: katemera, jakisoni, khadi, mafuta a galimoto, alawansi ya obaya, ngakhale ayisi wa mu kulaboksi. Ayisiyo ambiri amamuiwala, chonsecho katemera amafunika kukhala pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo magetsi akazima usiku wonse popanda jenereta kapena sola, bokosi lonse litha kutayika. Mukaphatikiza zonsezi, mukauze bwanayo kuti ndalama zakuti zibayitsa agalu 200 ku Area 36. Munthu amatulutsa chikwama msanga akadziwa chimene akugula.

M'chikwama chanu musasowe satifiketi ya ku NGORA (bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma), umboni wa umembala wa CONGOMA (mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma), lipoti la oditala (wofufuza mabuku a ndalama) la chaka chatha, ndi nambala ya akaunti ya bungwe. Kampani yolongosoka siyitulutsa ndalama popanda zimenezi. Ndipo ngati mukufuna thandizo la tsiku lokumbukira chiwewe pa 28 September, kalata ipite mu June.

Funso: Mzungu wina wa ku London anatitumizira ndalama za katemera, koma chakudya cha agalu chatha ndipo bilu ya madzi yakwera. Kodi n'kulakwa kupatutsako pang'ono, tidzabweza? (Msungichuma, Area 47)

Yankho: Bambo, ndalama imeneyo musayikhudze. Tikudziwa kuwawa kwake, agalu akuwuwa ndi njala m'khola ndalama ili phee kubanki. Komabe ndalama yoperekedwa ndi cholinga chotchulidwa ili ndi mwini wake mpaka ntchitoyo itachitika. Mabungwe ambiri ataya abwenzi akufuna kwabwino pa nkhani ngati imeneyi, osati chifukwa choba ayi, koma chifukwa oditala anapeza malisiti a gaga ndi usipa pomwe pamayenera kukhala a katemera.

Lemberani mwini ndalamayo lero lomwe. Fotokozani vutolo, tchulani ndalama yomwe mukufuna kusuntha, ndipo dikirani chilolezo cholembedwa. Cha pafoni sichikwanira, mawa mnzanuyo akachoka pantchito palibe adzakuikireni umboni. Ambiri amavomera akafunsidwa. Chimene amadana nacho ndi kudzidzimutsidwa mu lipoti.

Gwero la vuto lanu ndi bajeti. Opereka thandizo amakonda katemera ndi opaleshoni yotseka kubereka chifukwa zimawerengeka, koma madzi, magetsi ndi malipiro a mlonda palibe amazithamangira. Pa pempho lililonse ikanipo 10 peresenti ya zoyendetsera malo, ndipo muilembe poyera. Musaiwalenso kugwa kwa kwacha. Mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mankhwala a ziweto ambiri ndi ochokera kunja, kotero mitengo inalumpha nthawi yomweyo. Wopereka wa kunja mulembereni bajeti mu ndalama yake, mutchule mtengo wosinthira womwe mwagwiritsa ntchito ndi tsiku lake, ndipo mugwirizaniretu chochita ukasintha.

Funso: Tinayenda ndawala mumzinda, anthu anapereka bwino, koma chaka chino ali zii. Talakwitsa pati? (Mayi wa ku Kawale)

Yankho: Mayi, kodi munawathokoza? Aliyense wopereka alandire zikomo ndi lisiti pasanathe masiku awiri, ngakhale wa K2,000. Pakatha miyezi itatu mutumizireni uthenga wa WhatsApp wosapempha kanthu, wongomuuza agalu angati abayidwa, angati apeza mbuye watsopano, ndi angati afa. Inde, akufawo muwatchule, chifukwa lipoti la zabwino zokhazokha munthu wanzeru salikhulupirira. Sungani kaundula wa dzina, foni, tsiku, ndalama ndi cholinga chake. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale ya bungwe, isakhale ya wantchito, ndipo anthu awiri aziyang'ana zolowa sabata iliyonse n'kusainira.