Kodi kuyankhula n'kofunika kukakuphunzira kuyunivesite?

Mtsikana wina wa ku Chinamwali kuno ku Zomba wanditumizira imelo, ndipo wavomera kuti ndimuyankhe pano popeza funso lake likuvutitsanso anzake ambiri amene akukonzekera kudzaza mafomu. Wakhoza bwino MSCE, makamaka Chingerezi ndi Chichewa. Kusekondale anali m'gulu la mtsutso, ndipo ataona pa intaneti kuti kuli maphunziro otchedwa speech communication, mtima wake unakhazikika pomwepo. Bambo ake sakumvetsa. Akuti munthu amayamba kuyankhula adakali kumsana kwa amake, nanga zaka 4 za kuyunivesite n'zokatayiranji? Iwo akufuna kuti achite uphunzitsi kapena unamwino. Tsono akufunsa ngati maphunzirowa alipo kuno ku Zomba, zimene amaphunziramo, komanso ntchito imene adzapeze akamaliza.

Achemwali, ndiyambe ndi zophweka. Dzina limene munalionalo ndi la ku America makamaka, ndipo ngakhale kumeneko ambiri analisiya. Bungwe lawo lalikulu la aphunzitsi a phunziroli linkatchedwa Speech Communication Association, koma mu 1997 linasintha n'kukhala National Communication Association. Choncho musatope kulifunafuna pa mndandanda wa maphunziro umene bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, limatulutsa. Kuno ku University of Malawi, komwe tonse timangoti ku Chanco, yang'anani Communication and Cultural Studies komanso Media for Development. Ku Blantyre, MUBAS ili ndi Journalism ndi Business Communication. Ngati bambo afunsa kuti MUBAS n'chiyani, auzeni kuti ndi Poly yomwe ija. Inaima payokha mu 2021 pomwe makoleji a University of Malawi anapatukana, Chanco n'kutsala ndi dzina lakale. Palinso Malawi Institute of Journalism kwa amene akufuna satifiketi kapena dipuloma ya utolankhani. Maphunziro othandiza anthu achibwibwi kapena amene pakamwa panauma chifukwa cha sitiroko ndi ena, a zaumoyo, ndipo musawasokoneze ndi awa.

Bambo anu akunena zoona kuti aliyense amayankhula. Komatu mayi aliyense amadziwa kuphika nsima ya pabanja pake, pamene ya pamaliro, ya mumphika waukulu uja, amachita kuitana amayi odziwika. Phunziroli silinakhazikitsidwe kuti likuphunzitseni kutulutsa mawu mokoma. Funso lake lalikulu ndi lakuti: n'chifukwa chiyani anthu amamvera munthu uyu n'kumunyalanyaza uyo, pamene onse awiri anena zoona? Aristotle wa ku Greece anaganizapo za izi zaka zoposa 2,300 zapitazo, ndipo mudzakumana naye m'kalasi. Iye anati womvera amakopeka ndi khalidwe la woyankhulayo, ndi zimene mawuwo autsa mumtima mwake, komanso ndi kulemera kwa mfundo zimene zaperekedwa. Mukadzamva zimenezi musadzaone ngati ndi nzeru zachilendo, chifukwa mwakhala mukuziona ku Chinamwali komweko.

Taganizirani za mwambo wa maliro. Mtembo usanapite kumanda amaimirira woimira banja, kenako amfumu, kenako a mpingo kapena a ku mzikiti. Woimira banja uja ali ndi ntchito yovuta kuposa wowerenga nkhani pa wailesi. Ayenera kufotokoza mmene matenda anayendera popanda kuulula zimene banja silikufuna kuti zituluke. Ayenera kuthokoza akuchimuna ndi akuchikazi mosakondera, pamene mwina usiku wathawo anakangana za bokosi. Pagulupo pakhoza kukhala ena amene akunong'onezana kuti imfayi si yabwino, ndipo liwu limodzi lolakwika likhoza kuyatsa moto umene mudzi udzauzime kwa zaka. Wina amaimirira, n'kuyankhula mphindi zochepa, anthu mitima n'kukhala pansi. Wina amayankhula nthawi yaitali, amayi kusiwa n'kuyamba kung'ung'udza. Kusiyana kwa anthu awiriwa kukhoza kufotokozedwa, kuphunzitsidwa ndi kulembedwa, ndipo imeneyo ndiyo ntchito ya phunziroli. N'chimodzimodzi ndi ankhoswe akamaweruza nkhani ya banja, kapena nduna ya mfumu ikamatsegula mlandu pabwalo. Zimandiwawa kuti ophunzira athu ambiri amalemba kafukufuku wawo pa zoyankhula za atsogoleri a kunja, pamene luso lonseli lili pakhomo pathu, ndipo akuluakulu olidziwa akutha.

Mbiri ya dziko lathu ilinso ndi phunziro limene wophunzira aliyense wa zimenezi ayenera kulisinkhasinkha. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Inanena za umphawi, za kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Zambiri mwa zimenezi anthu ankazidziwa kale. Chimene chinagwedeza dziko n'chakuti zinanenedwa mokweza, tsiku limodzi, m'ziyankhulo zimene anthu amamva, ndi anthu amene akhristu ankawakhulupirira, pa nthawi imene wailesi m'dziko muno inali MBC yokha. Ophunzira a ku Chanco anaguba m'misewu ya Zomba kugwirizana ndi kalatayo, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri pa referendamu. Amene ayankhula, malo amene ayankhulira, nthawi yake ndi chiyankhulo chake, zonsezi n'zimene mudzaphunzire kuzisanthula.

Musayembekezere kuti zaka zonse 4 mudzakhala pa maikolofoni. Kuwerenga n'kochuluka. Mudzaphunzira mmene anthu awiri amamvanirana kapena kusemphana, mmene uthenga umayendera m'bungwe kuchokera kwa bwana kufika kwa mlonda, mmene chikhalidwe chimasinthira tanthauzo la zimene zanenedwa, ndi mmene wailesi, nyuzipepala ndi Facebook zimaumbira maganizo a anthu. Mudzaphunziranso kuchita kafukufuku: kukonza mafunso, kukhala pansi ndi kagulu ka anthu n'kuwamvetsera, kuwerengetsera mayankho. Ena amene anathawa masamu amadabwa akakumana ndi manambala pamenepa. Amene amapita kumeneko chifukwa chongofuna kutchuka pa kanema amatopa msanga.

Tsopano za ntchito, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pamene pagona nkhawa ya bambo anu. Anthu akamva za maphunzirowa amaganiza za muulutsi. Ntchito za pa wailesi zilipo ndithu, popeza kuchokera pomwe ndale zinasintha mawailesi achuluka: Zodiak inayamba mu 2005, ndipo kuno ku Zomba tili ndi YONECO FM ndi Chanco Community Radio. Koma kunena zoona, malipiro a m'mawailesi ambiri ndi ochepa, ndipo achinyamata ambiri amayamba mongodzipereka. Ntchito zambiri zimene zimadyetsa anthu a phunziroli sizimveka pa wailesi. Ndi za m'mabungwe a zaumoyo, zaulimi ndi zamaphunziro, za ofalitsa nkhani m'maunduna ndi m'makhonsolo, za aneneri a makampani ndi mabanki. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limafunanso kuti mabungwe a boma akhale ndi munthu woyankha amene akufuna kudziwa zinthu. Dziwaninso kuti ntchito zambiri za m'mabungwe omwe si aboma zimatha pulojekiti ikatha, ndiye mumayambanso kufunsira.

Kuti muone ntchitoyo mmene imakhalira, tengani kolera amene anabuka mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pofika mu 2023. Uthenga wake ndi wachidule ndipo aliyense anaumva: imwani madzi othira klorini, gwiritsani ntchito chimbudzi, sambani m'manja ndi sopo. Tsopano pitani nawo ku Kachulu, mukauze msodzi wa pa nyanja ya Chilwa amene amagona pa chimbowera, kanyumba koyandama pamadzi, masabata angapo osaponda kumtunda. Chimbudzi akumbe pati? Madzi amene akumwa ndi omwewo amene akuyandamapo. Munthu wosaphunzira ntchitoyi amasindikiza chikwangwani ku Lilongwe, n'kukachikhoma pa mtengo padoko, n'kulemba lipoti lakuti uthenga wafika. Wophunzira bwino amayamba wakhala pansi ndi asodziwo. Amafunsa kuti amamvera ndani, kodi ndi mwini bwato, wapampando wa komiti ya padoko, shehe kapena mlangizi wa zaumoyo. Amafunsa nthawi imene amapezeka kumtunda, zimene akuopa pa katemera, ndi zimene angathe kuchita ali pamadzi pomwepo. Akakonza uthenga amayamba wauyesa kwa anthu ochepa kuti aone ngati aumva mmene iye amaganizira. Nkhani ya namondwe Freddy mu March 2023 ili ndi funso lomwelo. Kuchenjeza munthu kuti asamuke n'kosakwanira ngati sunamuuze kopita, ndipo ngati sunaganize za mbuzi ndi chimanga chimene akuopa kusiya. Pa ntchito imeneyi kumvetsera kumatenga nthawi yambiri kuposa kuyankhula, ndipo miyoyo ya anthu imadalira pamenepo.

Apa ndiye pali chinthu chimene ndikufuna muchigwiritse. Mwanena kuti mwakhoza bwino Chichewa, ndipo mwachitchula ngati chinthu chaching'ono. Si chaching'ono. Kuyunivesite adzakuphunzitsani m'Chingerezi, mayeso mudzalemba m'Chingerezi, ndipo anzanu adzakuyamikirani mukamachiyankhula mothyakula. Koma anthu amene mudzawatumikire ku Jali, ku Chingale, ku Songani ndi ku Thondwe amayankhula Chichewa ndi Chiyao, ndipo ena Chilomwe. Ndaonapo achinyamata a madigiri abwino ataima pamsonkhano wa m'mudzi, chiganizo chilichonse theka Chingerezi, agogo akungogwedeza mutu mwaulemu, pobalalika palibe chimene atola. Si kuti achinyamatawo ndi opusa ayi. Palibe amene anawauza kuti kufotokoza za inshulansi ya mbewu kapena za katemera m'Chichewa chomveka ndi luso lofunika kuliphunzira mwakhama ngati Chingerezi chomwe. Mukapeza mpata wosankha maphunziro owonjezera, tengani a ziyankhulo za mu Africa. Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ili kuno komwe ku Zomba, ndipo ntchito yomasulira ndi kukonza zolembedwa m'ziyankhulo zathu imasowa anthu aluso. Ngati kwanu mumayankhula Chiyao, musachite nacho manyazi pa kampasi. Pofunsira ntchito ya kumadera a Zomba, Machinga ndi Mangochi, chimenecho chikhoza kukuikani patsogolo pa mnzanu amene anakhoza bwino kukuposani.

Za bambo anu, musawatenge ngati mdani wa maloto anu. Iwo aona ana a anzawo atakhala pakhomo ndi digiri m'chikwama, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Mawu a akulu amakoma akagonera. Uphunzitsi umene akunenawo suli kutali ndi zimene mukufuna, chifukwa mphunzitsi amaima pamaso pa anthu tsiku lililonse, ndipo alipo ambiri amene anayamba ndi digiri ya Education ya ziyankhulo n'kudzalowa m'ntchito zofalitsa mauthenga pambuyo pake. Fomu ya NCHE imalola kusankha mapulogalamu angapo, ndiye simukukakamizidwa kutaya chimodzi. Langizo langa ndi lakuti muike Communication and Cultural Studies kapena Media for Development patsogolo ngati mtima wanu uli pamenepo, Education ibwere pambuyo pake. Unamwino wokha musaulowe pofuna kusangalatsa munthu, chifukwa odwala ndi amene adzavutike ndi namwino amene mtima wake uli kwina. Pokambirana ndi bambo, musawauze kuti mukufuna kukaphunzira kuyankhula. Atchulireni ntchito zenizeni ndi malo amene zimapezeka, ndipo ngati pali amalume kapena aphunzitsi amene iwo amawalemekeza, apempheni akhalepo. Werengani bwino chidziwitso cha NCHE cha chaka chino kuti muone magiredi amene pulogalamu iliyonse ikufuna. Poyambira pake ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma mpikisano ndi waukulu. Ngati fizi idzavute, ngongole za ophunzira zimaperekedwa ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo amafuna kuti mufunsire pa nthawi yake.

Miyezi imene mukudikirayi musaingokhala. Kutchalitchi kapena ku gulu la achinyamata, pemphani kuti muziwerenga zolengeza. Mukapita ku chinkhoswe kapena kumsonkhano wa mfumu, khalani pamene mungamve bwino, ndipo mukafika kunyumba lembani m'kope zimene woyankhula aliyense anachita kuti anthu amumvere kapena amutaye. Tengani nkhani imodzi ya m'nyuzipepala ya Chingerezi, muifotokoze m'Chichewa kwa agogo anu, kenako muwafunse zimene amva. Mudzadabwa ndi malo amene uthenga umatayikira. Dzijambuleni mawu pa foni ndi kudzimvetsera, ngakhale poyamba zimachititsa manyazi. Zomba ili ndi mwayi umene maboma ena alibe: bungwe la CRECCOM, lomwe limagwiritsa ntchito zisudzo pokambirana ndi anthu a m'midzi, lili konkuno, ndipo mwambo umenewu wa zisudzo zachitukuko unakulira ku Chanco komweko, kumene aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr ankapita ndi ophunzira awo m'midzi. Pitani ku mawailesi ndi mabungwe oterewa mukafunse ngati amalandira achinyamata ofuna kuphunzira ntchito, ndipo mukayamba sukulu muzibwererako tchuthi chilichonse. Chilichonse chimene mwapanga, kaya ndi pulogalamu ya mphindi 5, kaya ndi sewero, kaya ndi uthenga umene munamasulira, chisungeni pa foni komanso pa imelo yanu, mulembe tsiku ndi malo amene chinagwiritsidwa ntchito. Olemba ntchito m'gawo limeneli amafunsa satifiketi, kenako amati tationetsani zimene munapangapo.