Munachotsa chithunzi cha mwana pafoni kuti aphunzirepo chiyani?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimakhala ku Lilongwe. Vuto langa ndi alamu anga, achemwali awo a amuna anga. Mwana wawo ndi wanga woyamba ndi atsikana a msinkhu umodzi, onse ali Sitandade 7. Sukulu ikangotsekera, alamuwo amajambula lipoti la mwana wawo n'kuliponya pagulu la WhatsApp la kubanja komanso pa Facebook, ati "Ambuye achitanso." Nambala wani teremu iliyonse. Akatero amafunsa dala kuti, "Nanga mnzakeyo zayenda bwanji?" Wanga wakhala nambala 14 mwa ana 62. Ndalipira patitaimu, ndamuletsa TV, ngakhale chithunzi chake ndinachichotsa pa pulofailo yanga kuti aphunzirepo kanthu, koma palibe chasintha. Ndiwayankhe bwanji alamuwa, ndipo nditani kuti mwanayu adzasankhidwe ku sekondale ya nashonolo?

Mayi wothedwa nzeru

Amayi,

Za alamu anuwo sindichedwapo. Banja lililonse lili ndi wake wotere, ndipo kale tisanakhale ndi mafoni ankayenda ndi lipotilo m'chikwama mpaka kumaliro. Akadzafunsanso muwayankhe kuti "ali bwino, zikomo," basi. Gululo muthanso kulitseka pakamwa sabata yotsekera sukulu.

Ine chandiimitsa ndi mawu amene mwawapanikiza pambuyo pa patitaimu ndi TV ngati ndi kanthu kakang'ono. Munachotsa chithunzi cha mwana. Mukuganiza kuti sanaone? Ana a masiku ano foni ya mayi awo amaidziwa kuposa mwini wake. Anaitenga kuti aimbire bambo ake kapena awerengere samu, n'kupeza kuti pamene panali nkhope yake pali maluwa, kapena vesi, kapena mng'ono wake. Anabweza foniyo mwakachetechete n'kupita kukatsuka mbale. Munati aphunzirepo kanthu, ndipo waphunziradi: kuti nkhope yake kwa mayi ake ndi ya lendi, amalipira ndi malikisi, akalephera amatulutsidwa.

Mukuwada alamu anu chifukwa chopachika mwana wawo poyera ngati chikho cha mpira. Koma inu mwachita zomwezo, kungoti mwatsitsa wanu chifukwa sakuwala mokwanira. Nonse awiri mukuvinira anthu a pafoni, anthu amene amalemba "congrats" chala chili kale pa chithunzi china.

Tsono mundilole ndinene zimene zimandiwawa chaka ndi chaka. Funso lakuti "wakhala nambala chani?" talisandutsa moni. Mwana akangolowa pageti tsiku lotsekera, thukuta lili kamukamu, sitimufunsa ngati wadya. Amalume, aneba, ngakhale ogulitsa makala, onse funso ndi lomwelo. Chonsecho nambala siiuza munthu zimene mwana akudziwa. Imangonena kuti waima pati pamzere wa anzake. Kalasi ya ana 62 ili ndi nambala wani mmodzi, ndiye kuti makolo 61 azipita kwawo nkhope zili zii? Wanuyo waposa ana 48, koma m'kalata yanu yonse simunatchule phunziro ngakhale limodzi limene amakhoza. Kaya ndi Chichewa, kaya ndi sayansi, kaya amalemba mwaluso, sindikudziwa, ndipo ndikukayika ngati inuyo munayang'ana pamwamba pa lipotilo musanathamangire pansi pamene pali nambala.

Za nashonolo nazo tinene zoona. Mayeso a Sitandade 8 a MANEB ana ambirimbiri amakhoza, koma malo ku sekondale ndi ochepa. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 ana anachuluka kwambiri kuposa madesiki a Fomu 1. Sukulu ngati Lilongwe Girls, Dedza, Blantyre Secondary ndi Mzuzu Government zimatenga ochepa chabe m'dziko lonse, ambiri amapita ku ma CDSS, ndipo ena okhoza bwinobwino sasankhidwa n'komwe. Zotsatira zikatuluka, wailesi ndi Facebook zimadzaza ndi nkhope za opambana, pa MSCE n'kumatchula a mapointi 6, 7, 8. N'zabwino, anawo anagwira ntchito. Koma palibe amajambula mtsikana wa ku CDSS amene wachoka pa 40 kufika pa 60 mu samu, ndipo kholo likamangoonera zimenezi usiku uliwonse limayamba kuona ngati ana onse a m'dziko muno ndi anzeru kupatula wake.

Timawaphunzitsa anawa kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sindinamvepo wina akutembenuza mwambiwu kuti uyang'ane kwa ife makolo. Mwana akuyenera kutilandira ndi umphawi wathu, ukali wathu, nyumba yathu ya lendi, koma ife timulandire pokhapokha akabwera ndi nambala yosaposa 3?

Ndipo mwana wa alamu anuyo musamusirire kwambiri. Amene wakhala akumuombera m'manja anthu mazana teremu iliyonse amagona ndi mantha a tsiku limene adzakhale nambala 2. Ndaonapo atsikana otere akufufuta malikisi ndi labala, ena kudwala mutu sabata ya mayeso. Atsikana awiriwa ndi pachibale, bwenzi akuwerengera limodzi Loweruka, koma akuluakulu mwawasandutsa Bullets ndi Wanderers.

Chochita n'chochepa. Pitani kusukulu mukakumane ndi aphunzitsi ake, osati kukafunsa nambala, koma kuti akuuzeni phunziro limene likumuvuta ndi pamene pakumuvutapo. Patitaimu ya maphunziro onse ndi kutaya ndalama ngati vuto lili pa samu yokha. Muonenso ngati amaona bwino pabolodi komanso ntchito zapakhomo zimamusiyira nthawi yanji.

Koma izi zibwere pambuyo. Lero lomwe bwezerani chithunzicho, lipoti lina lisanatuluke, kuti asadzaganize kuti wachigula. Ndipo mumuuze ndi pakamwa panu kuti munalakwitsa kuchichotsa. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mayi kupepesa mwana kumaoneka ngati malodza. Mupepeseni ndithu, muli awiri kukhitchini, foni ili kuchipinda.

Azakhali